Funsani za Kompyuta: Kutseka Mawebusaiti Popanda Kuika Pulogalamu Ina

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno kuno ku Harare akunena nkhani imodzi. Makolo, aphunzitsi ndi eni mabizinezi ang'onoang'ono akufuna kutseka mawebusaiti ena pakompyuta, koma safuna kugula pulogalamu kapena kuthera bandulo pokopera zinthu zimene sakuzidziwa. Zimenezi zimatheka, chifukwa kompyuta iliyonse imabwera kale ndi zipangizo zochitira ntchitoyi. Mawu a Chingerezi amene ali m'mayankhowa tawasiya monga mmene amaonekera pasikirini, kuti muwapeze msanga.

Mwana wanga ali Fomu 4 ndipo akulemba mayeso a ZIMSEC chaka chino. Tinamugulira laputopu ya Windows 10 kuti aziwerengera, koma ndikasuzumira ndimamupeza ali pa Facebook ndi TikTok. Ndingatseke bwanji ziwirizi osatseka intaneti yonse?
*Mayi wa ana atatu, Mabvuku*

Mayi, ntchitoyi imatheka ndi fayilo yaing'ono yotchedwa hosts, imene ili kale m'laputopumo. Mvetsani kaye mmene imagwirira ntchito, chifukwa zina zonse zikuchokera pamenepa.

Mukalemba facebook.com, kompyuta imafuna nambala ya makina amene akusunga webusaitiyo. Nambalayo imatchedwa IP address, ndipo kompyuta imakaifunsa kwa makina ena a pa intaneti otchedwa DNS. Koma isanakafunse kunja, imayamba yayang'ana mu hosts. Ikapeza dzinalo mmenemo, imatenga nambala imene yalembedwa pambali pake, osafunsanso kwina. Ndiye inu mukalemba dzina la webusaiti n'kulipatsa nambala 0.0.0.0, imene siloza makina alionse, bulawuza, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti monga Chrome kapena Edge, imangonena kuti tsambalo silikupezeka.

Fayiloyi ili mu foda ya C:\Windows\System32\drivers\etc. Musaitsegule poidina kawiri, chifukwa Windows idzakana kusunga zimene mwalemba. Dinani Start, lembani Notepad, dinani batani la kumanja la mausi pachizindikiro chake, sankhani Run as administrator, n'kuvomera ndi Yes. Mu Notepad mo dinani File, kenako Open, n'kulowa mu foda ija. Idzaoneka ngati mulibe kanthu. Pakona ya m'munsi cha kumanja palembedwa Text Documents. Sinthani kuti pakhale All Files, ndipo mudzaona mafayilo angapo: hosts, networks, protocol, services ndi lmhosts.sam. Wanu ndi hosts. Musanasinthe chilichonse, koperani fayiloyo n'kusunga kope lake pa Desktop kapena pafulashi.

Mukaitsegula mudzapeza mizere yoyamba ndi chizindikiro cha #. Kompyuta siiwerenga mizere imeneyi, isiyeni mmene iliri. Pitani m'munsi mwenimweni, yambani mzere watsopano, mulembe izi, dzina lililonse pamzere wake:

0.0.0.0 facebook.com
0.0.0.0 www.facebook.com
0.0.0.0 web.facebook.com
0.0.0.0 m.facebook.com
0.0.0.0 tiktok.com
0.0.0.0 www.tiktok.com

Facebook talemba kanayi chifukwa hosts imaona dzina lililonse ngati losiyana ndi linzake. Mukatseka facebook.com yokha, www.facebook.com idzatsegukabe. Sungani podina Ctrl ndi S. Kenako dinani Start, lembani cmd, ndipo pawindo lakuda limene litseguke mulembe ipconfig /flushdns n'kudina Enter. Lamuloli limafufuta manambala amene kompyuta inasunga kale. Tsekani bulawuza, muitsegulenso, muyese.

Ena amalemba 127.0.0.1 m'malo mwa 0.0.0.0. Nayonso imagwira, popeza ndi nambala imene kompyuta imadziitanira yokha. Ife timakonda 0.0.0.0, chifukwa pakompyuta ya wophunzira amene anaika pulogalamu yoyeserera kupanga mawebusaiti, 127.0.0.1 imatha kutsegula tsamba la pakompyuta pomwepo n'kusokoneza munthu.

Tsopano mfundo imene imaposa zonse tanenazi. Ngati mwana wanu amalowa m'laputopuyo ndi akaunti ya Administrator, akhoza kufufuta mizere yanu m'kanthawi kochepa, ndipo ana a Fomu 4 amauzana zinthu zoterezi. Kumeneko n'kutseka chitseko koma kiyi n'kumusiya pachitseko pomwepo. Pitani pa Settings, Accounts, Family & other users, mudzipangire akaunti yanu podina Add someone else to this PC. Ikapangidwa, idineni, sankhani Change account type, muike Administrator. Lowani ndi akaunti yatsopanoyo, mubwerere pamalo omwewo, akaunti ya mwanayo muisinthe ikhale Standard User. Mukatero zolemba zake zonse zimakhala mmene zinaliri, koma sangasinthe hosts popanda pasiwedi yanu. Pasiwediyo isakhale tsiku lobadwa la munthu wa m'nyumba mwanu kapena nambala yanu ya foni.

Mumuuze mwanayo zimene mwachita, chifukwa chake, ndi tsiku limene mudzatsegule. Mwana amene wangopeza zinthu zitatsekedwa popanda womuuza amathera nthawi yowerengera akufufuza njira yozembera. Dziwaninso kuti zonsezi zikukhudza laputopu yokha. Foni yake sizikuikhudza.

Mnzanga anandionetsa njira ya hosts. Ndinalemba zonse, ndinasunga, koma webusaiti ikutsegukabe. Ndalakwitsa pati?
*Bambo wa ku Mufakose*

Bambo, yambani mwapeza ngati vuto lili mu fayilo kapena mu bulawuza. Tsegulani cmd mulembe ping, mpata, kenako dzina limene munatseka, monga ping www.facebook.com. Mukaona mizere yoyamba ndi Reply from yokhala ndi nambala yeniyeni ya pa intaneti, ndiye kuti kompyuta sikuwerenga zimene munalemba. Ping ikalephera, fayilo ili bwino ndipo vuto lili mu bulawuza. Musayesere ndi nslookup, ngakhale anthu ambiri amatero. Lamulo limeneli limalumpha hosts n'kukafunsa DNS mwachindunji, choncho lidzakupatsani nambala yeniyeni ngakhale zonse zili bwino.

Vuto likakhala mu fayilo, kawirikawiri amakhala kuti munasunga ndi Save As ndipo Notepad inawonjezera .txt kumapeto kwa dzina. Windows imabisa mathero a mayina a mafayilo, ndiye mu foda mumaoneka ma hosts awiri, koma imene inu munalembamo ndi hosts.txt, imene kompyuta siilabadira. Mu File Explorer dinani View n'kuchonga File name extensions; pa Windows 11 zili pa View, kenako Show. Mukaona hosts.txt ifufuteni, mukalembenso mu hosts yeniyeni.

Dzina likakhala bwino, yang'anani kalembedwe. Nambala imayamba, kenako mpata, kenako dzina. Musalembe https:// kutsogolo, ndipo musaike kamzere kopendekera kapena mawu ena kumapeto: hosts imadziwa mayina okha, sidziwa masamba a mkati mwa webusaiti. Kanyenyezi, monga *.facebook.com, sikagwira ntchito mu fayilo imeneyi. Mzere umene wayamba ndi # suwerengedwa. Musalembere mu Word, ndipo Notepad ikakufunsani Encoding musankhe ANSI kapena UTF-8, osati UTF-16.

Vuto likakhala mu bulawuza, dziwani kuti Chrome imasunga manambala payokha. Pamalo olemba adiresi lembani chrome://net-internals/#dns mudine Clear host cache, kenako chrome://net-internals/#sockets mudine Flush socket pools. Pa Edge mawu ake ndi omwewo, kungoti amayamba ndi edge://. Fufutaninso zimene bulawuza inasunga podina Ctrl, Shift ndi Delete pamodzi, chifukwa mawebusaiti ena amasiya chigoba cha tsamba lawo pakompyuta, chimene chimaonekabe ngakhale njira itatsekedwa.

Zikakanikabe, onani zowonjezera za mu bulawuza pa chrome://extensions. Zambiri zimene zimalembedwa kuti free VPN, zodutsitsa intaneti yanu panjira ina, zimatumiza dzina la webusaiti kwa makina a kunja, ndipo makinawo ndi amene amafufuza nambala, kotero hosts yanu siifunsidwa n'komwe. VPN imene ili mkati mwa Opera ndiponso Tor Browser zimachita chimodzimodzi.

Kwa amene ali ndi Mac: tsegulani Terminal, lembani sudo nano /etc/hosts, ikani pasiwedi, lembani mizere yanu, sungani ndi Control ndi O n'kudina Enter, tulukani ndi Control ndi X. Dzina lililonse mulilembenso kachiwiri ndi ::1 m'malo mwa 0.0.0.0, kuti njira ya IPv6, mtundu watsopano wa manambala a IP, itsekekenso. Malizani ndi sudo dscacheutil -flushcache, kenako sudo killall -HUP mDNSResponder. Pa Linux fayilo ili pamalo omwewo, /etc/hosts.

Ndimayang'anira chipinda cha makompyuta 12 pakoleji yaing'ono. Ine sindikufuna kutseka mawebusaiti angapo. Ndikufuna kutseka onse n'kusiya ophunzirira okha. Kodi hosts ingachite zimenezi?
*Mphunzitsi, Highfield*

Aphunzitsi, hosts singachite zimenezi. Imatseka dzina limene mwalemba basi, ndipo mukaidzaza ndi mizere masauzande ambirimbiri, Windows imayamba kuchedwa kulumikiza intaneti. Ntchito yanu ikufuna malamulo a bulawuza. Chrome ndi Edge zimawerenga malamulo kuchokera mu Registry, nkhokwe imene Windows imasungamo makonzedwe ake, ndipo awiri amene akukukhudzani ndi URLBlocklist, wotseka, ndi URLAllowlist, wolola. Amagwira ngakhale pa Windows Home.

Tsegulani cmd ndi Run as administrator mulembe mizere iyi, umodziumodzi:

reg add "HKLM\SOFTWARE\Policies\Google\Chrome\URLBlocklist" /v 1 /t REG_SZ /d "*" /f
reg add "HKLM\SOFTWARE\Policies\Google\Chrome\URLAllowlist" /v 1 /t REG_SZ /d "zimsec.co.zw" /f
reg add "HKLM\SOFTWARE\Policies\Google\Chrome\URLAllowlist" /v 2 /t REG_SZ /d "wikipedia.org" /f
reg add "HKLM\SOFTWARE\Policies\Google\Chrome\URLAllowlist" /v 3 /t REG_SZ /d "chrome://*" /f
reg add "HKLM\SOFTWARE\Policies\Google\Chrome\URLAllowlist" /v 4 /t REG_SZ /d "file://*" /f

Kanyenyezi ka pamzere woyamba kakutseka zonse. Nambala imene ili pambuyo pa /v izikwera pa webusaiti iliyonse yatsopano. Mukabwereza nambala, yatsopano imafufuta yakale. Mndandanda umalola mayina okwana 1,000. Mizere iwiri yomalizayo musaiiwale. Popanda chrome://* simudzatha kutsegula masamba a mkati mwa Chrome oonera ngati malamulo agwira, ndipo popanda file://* ophunzira sadzatha kutsegula mapepala a mayeso akale a PDF amene ali pakompyuta pomwepo.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti dzina limodzi limakwanira. Mukalemba wikipedia.org, mwalola en.wikipedia.org ndi ny.wikipedia.org, ya Chichewa, nthawi imodzi. Ndiye ngakhale kholo limene likufuna kutseka Facebook yokha likhoza kuika facebook.com m'malo mwa kanyenyezi, ndipo www, web ndi m zonse zidzatsekeka.

Bwerezani mizere yonseyi pa Edge, posintha Google\Chrome kukhala Microsoft\Edge, ndi chrome://* kukhala edge://*. Edge ili pa Windows iliyonse, ndipo mukaiiwala ophunzira adzangosamukira kumeneko. Kuti muone ngati zagwira, tsegulani chrome://policy mudine Reload policies. Mukapeza malangizo akale olemba URLBlacklist musawatsatire, chifukwa dzinalo linasinthidwa kuyambira pa Chrome 86.

Sabata yoyamba padzakhala madandaulo, ndipo mukonzekere. Webusaiti imodzi imatha kudalira ina. Tsamba lophunzirira limene makanema ake amachokera ku YouTube lidzaonetsa bokosi lopanda kanthu mpaka mutalola youtube.com/embed ndi youtube-nocookie.com. Google Classroom sidzalowetsa munthu mpaka mutalola accounts.google.com. Chikakanika chinthu, yang'anani dzina limene lili pamwamba pa tsamba lotsekedwalo n'kuliwonjezera.

Makompyuta 12 musawalembere pamanja. Ikani mizere yonse mu Notepad, sungani fayiloyo ndi dzina lothera ndi .bat, muiike pafulashi, ndipo pakompyuta iliyonse muiyendetse ndi Run as administrator. Mukafuna kutsegula zonse, lamulo lake ndi reg delete "HKLM\SOFTWARE\Policies\Google\Chrome\URLBlocklist" /f. Mu Registry musakhudze china chilichonse kupatula zimenezi.

Malamulowa amagwira pa bulawuza imene mwaitchula yokha. Wophunzira akhoza kubwera ndi bulawuza ina pafulashi n'kuiyendetsa ngakhale ali pa akaunti ya Standard. N'chifukwa chake m'chipinda ngati chanu pafunikanso njira imene ili m'yankho lotsatirali, ndiponso kuika makompyuta moti sikirini iliyonse izioneka kuchokera pamene inu mumakhala.

Ndikulera adzukulu anayi ndipo m'nyumba muli Wi-Fi. Ndikuopa zolaula. Mayina a mawebusaiti oipawo sindiwadziwa, ndipo sindifuna kuwadziwa. Nditani?
*Gogo wa ku Dzivaresekwa*

Agogo, simufunika kudziwa dzina ngakhale limodzi. Alipo makina a DNS amene eni ake amasunga mndandanda wa mawebusaiti a zolaula, ndipo kompyuta ikawafunsa nambala ya webusaiti yotere amakana kuipereka. Ndi aulere. Ntchito yanu ndi kuuza makina a m'nyumba mwanu kuti azifunsa kwa amenewo.

Cloudflare inayambitsa DNS ya mabanja mu 2020. Manambala ake otseka zolaula pamodzi ndi mawebusaiti ofalitsa mavairasi ndi 1.1.1.3 ndi 1.0.0.3. Samalani pamenepa: 1.1.1.1 satseka kanthu, ndipo 1.1.1.2 amatseka za mavairasi zokha. Ina yodalirika ndi OpenDNS FamilyShield, manambala ake 208.67.222.123 ndi 208.67.220.123. Sankhani imodzi mwa ziwirizi. Pamalo a nambala yachiwiri musaikepo 8.8.8.8 kapena ina iliyonse yosasefa, chifukwa makina amatha kufunsa yachiwiriyo nthawi iliyonse ndipo zotsekedwa zidzadutsa.

Malo abwino oika manambalawa ndi mu rauta, kabokosi kogawa Wi-Fi, chifukwa aliyense wolumikiza Wi-Fi ya m'nyumbamo amawatengera kumeneko, mafoni ndi TV zomwe. Kaya intaneti yanu ndi ya TelOne, Liquid Home, Econet kapena NetOne, njira yake ndi yofanana. Pakompyuta yolumikizidwa ku Wi-Fi yo, tsegulani cmd mulembe ipconfig, muone nambala imene ili pa Default Gateway. Kawirikawiri imakhala 192.168.1.1, 192.168.0.1, kapena 192.168.8.1 pa ma MiFi a Huawei. Ilembeni mu bulawuza, mulowe ndi dzina ndi pasiwedi zimene zalembedwa kunsi kwa rauta, mufufuze mawu oti DNS pansi pa Internet, WAN kapena DHCP. Ikani manambala awiri aja, sungani, zimitsani rauta n'kuiyatsanso. Musanatuluke sinthani pasiwedi yolowera mu rautayo, chifukwa imene ili kunsi kwake mwana aliyense akhoza kuiwerenga. Amene ali ndi Starlink, imene inayamba kugwira ntchito movomerezeka mu Zimbabwe mu 2024, apeza Content Filtering mu Settings ya pulogalamu yake ya pafoni.

Marauta ena salola kusintha DNS. Zikatero ikani manambalawo pamakina aliwonse paokha. Pa Windows dinani batani la Windows ndi R, lembani ncpa.cpl, dinani kumanja pa Wi-Fi, Properties, Internet Protocol Version 4, Properties, Use the following DNS server addresses. Ngati munasankha Cloudflare, chitaninso chimodzimodzi pa Version 6, ndi manambala 2606:4700:4700::1113 ndi 2606:4700:4700::1003. Pa foni ya Android 9 kapena yoposa pamenepo, fufuzani Private DNS mu Settings mulembe family.cloudflare-dns.com. Imeneyi imagwira ngakhale mwana akugwiritsa ntchito data ya pa laini yake, pamene DNS ya mu rauta simukhudza.

Ngati munasankha Cloudflare, kuti muyese popanda kuona zoipa, tsegulani nudity.testcategory.com, tsamba limene Cloudflare inapangira kuyesera. Likakana kutseguka, sefa ikugwira.

Chimene chimalumpha njirayi ndi Secure DNS ya mu bulawuza, imene munthu akhoza kuilozetsa kwina. Pa Chrome ya pakompyuta itsekeni ndi lamulo ili, mu cmd ya Administrator: reg add "HKLM\SOFTWARE\Policies\Google\Chrome" /v DnsOverHttpsMode /t REG_SZ /d off /f. Mdzukulu wamkulu amene mumamudalira, kapena wachinyamata wa kutchalitchi, akhoza kukuthandizani zonsezi, koma pasiwedi yatsopano muilembe ndinu, m'kabuku kanu. Dziwaninso kuti DNS siona zithunzi ndi makanema amene ana amatumizirana pa WhatsApp kapena kusamutsirana foni ndi foni. Zimenezo zimafuna kuti muzikamba nawo.

Ana anga amaphunzira masamu pa YouTube, ndiye sindingaitseke yonse. Pali njira yapakati?
*Mayi wa ku Glen View*

Ilipo, Mayi, ndipo ikudalira hosts yomwe ija. Google ili ndi nambala yapadera imene imakakamiza YouTube kubisa makanema osayenera ana, moti wogwiritsa ntchito sangazimitse. Mu cmd lembani ping restrict.youtube.com kuti muone nambalayo. Iyenera kukhala 216.239.38.120. Mu hosts lembani nambalayo kasanu, mzere uliwonse ndi dzina limodzi mwa awa: www.youtube.com, m.youtube.com, youtubei.googleapis.com, youtube.googleapis.com ndi www.youtube-nocookie.com. Mukaona kuti ikubisa ngakhale maphunziro abwino, gwiritsani ntchito 216.239.38.119, imene imasefa pang'ono. Nambala yoyamba ija mukaiika pa www.google.com ndi www.google.co.zw, SafeSearch, sefa ya zofufuza pa Google, imakhala yoyatsidwa nthawi zonse. Sefayi siiletsa nyimbo, mpira ndi zoseketsa, choncho nkhani ya kutaya nthawi idzakhalapobe.

Ndili ndi shopu yotaipa ndi kusindikiza zikalata m'tauni. Ndikufuna Facebook izikhala yotseka nthawi ya ntchito koma izitseguka tikaweruka.
*Bambo wa bizinezi, pakati pa tauni*

Bambo, hosts sidziwa nthawi, koma Task Scheduler ya Windows ikhoza kumakusinthirani fayiloyo. Pangani makope awiri mu foda ya etc yomwe ija, kumene wa akaunti ya Standard sangalembemo: hosts.tseka yokhala ndi mizere yanu, ndi hosts.tsegula yopanda mizereyo. Mu cmd ya Administrator lembani:

schtasks /create /tn Tseka /sc daily /st 08:00 /ru SYSTEM /tr "cmd /c cd /d C:\Windows\System32\drivers\etc & copy /y hosts.tseka hosts & ipconfig /flushdns"

Lembaninso wina wofanana, koma dzina likhale Tsegula, nthawi 17:00, fayilo hosts.tsegula.

Chimene chimasokoneza kuno kwathu ndi magetsi. Kompyuta ikakhala yozima pa 08:00, ntchitoyo imadumphidwa ndipo Facebook imakhala yotseguka tsiku lonse. Tsegulani Task Scheduler, dinani kawiri pa Tseka, pitani pa Settings, muchonge Run task as soon as possible after a scheduled start is missed. Muchonge pa Tseka pokha, kuti ziwirizi zisathamangire pamodzi magetsi akabwera. Windows imatha kudikira mphindi 10 isanayendetse ntchito yodumphidwa. Ngati ndi laputopu, pitaninso pa Conditions muchotse chongi pa Start the task only if the computer is on AC power, apo ayi ikakhala pabatire sidzachita kanthu. Tsamba limene linali lotsegula kale nthawi isanakwane limatha kupitirira kwa kanthawi mpaka bulawuza itatsekedwa.

Ngati makasitomala amatumiza zikalata pa WhatsApp, samalani kuti web.whatsapp.com isalowe pamndandanda. Antchito anu muwauze poyera za lamuloli musanaliyambe.

Ndikufuna kudzitsekera ndekha mawebusaiti obetchera mpira. Ndalama ya lendi yapita kawiri. Ndinatseka mu hosts, koma usiku womwewo ndinatsegulanso.
*Mnyamata wa ku Epworth*

Achimwene, mwachita bwino kulemba, ndipo zimene zinachitika usiku umenewo zimachitikira aliyense amene akudzitsekera pasiwedi ali nayo yekha. Njira zonse zili pamwambazi zimagwira pokhapokha wotsekeredwa asali Administrator. Ndiye pezani munthu mmodzi amene mumamulemekeza ndipo sangagonje mukamuchonderera: akazi anu, amalume, kapena mkulu wa mpingo. Mupangireni akaunti ya Administrator, alembe pasiwedi inu mutatembenukira kumbali, yanu aisinthe ikhale Standard.

Asanatero, khalani naye pansi mutseke zonse. Tsegulani History ya bulawuza podina Ctrl ndi H, mulembe mayina onse a kumene munabetcherako, osabisa limodzi. Muwaike mu URLBlocklist ya Chrome ndi ya Edge monga tafotokozera aphunzitsi aja, ndiponso mu hosts kuti mabulawuza ena akhudzidwe. Makampani a juga amakhala ndi mayina angapo, ndiye muzikumana kamodzi pa mwezi kuwonjezera atsopano. Manambala a 1.1.1.3 aja satseka za juga, musawadalire pankhani iyi.

Kubetcha kwambiri kumachitikira pafoni, choncho chotsani mapulogalamu ake, ndipo pa webusaiti iliyonse fufuzani mawu oti self-exclusion kapena muwalembere kuti atseke akaunti yanu. Tsiku limene malipiro alowa, lendi ndi ya chakudya zichoke m'foni mwanu tsiku lomwelo, zipite kwa eni nyumba kapena kwa munthu wodalirika uja. Chilakolako chikakula, muimbireni, ndipo musachite manyazi kukaonana ndi mlangizi kuchipatala.

Ndinagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito. Mawebusaiti ena sakutseguka, ndipo Chrome ikulemba kuti Managed by your organization. Ine sindinatseke kanthu.
*Wophunzira, Kuwadzana*

Achemwali, yambani ndi wotchi. Malaputopu akale amataya tsiku ndi nthawi kabatire ka mkati kakatha, ndipo tsiku likalakwika bulawuza imakana mawebusaiti ambiri n'kulemba Your connection is not private. Pa Settings, Time & language, yatsani Set time automatically, ndipo Time zone ikhale UTC+02:00 Harare, Pretoria.

Wotchi ikakhala bwino, tsegulani hosts monga tafotokozera m'yankho loyamba. Pa Windows yatsopano mizere yonse ya mu fayiloyi imayamba ndi #. Mzere wina uliwonse unaikidwa ndi munthu kapena pulogalamu. Mapulogalamu obedwa amakonda kuikamo mayina a eni pulogalamuyo ndi a makampani a antivairasi. Woopsa kwambiri ndi mzere umene ukuloza dzina la banki kapena la imelo ku nambala yeniyeni, osati 0.0.0.0 kapena 127.0.0.1, chifukwa umakupititsani ku tsamba labodza lokuberani pasiwedi. Fufutani mizere yonse yotere, sungani, muyendetse ipconfig /flushdns.

Mawu oti Managed by your organization akutanthauza kuti mu Registry muli malamulo amene anasiyidwa ndi kampani kapena sukulu imene inali ndi laputopuyo. Aoneni pa chrome://policy. Kuti muwachotse, mu cmd ya Administrator lembani reg delete "HKLM\SOFTWARE\Policies\Google\Chrome" /f, mubwereze ndi HKCU m'malo mwa HKLM, n'kuyatsanso kompyuta. Onaninso pa Settings, Network & Internet, Proxy kuti Use a proxy server ndi yozimitsa, ndiponso pa ncpa.cpl kuti DNS ili pa Obtain DNS server address automatically.

Malamulowo akabwereranso okha mutayatsa kompyuta, kapena mukapeza mzere wa banki uja, musalowe mu akaunti iliyonse ya ndalama palaputopuyo. Koperani zolemba zanu pafulashi, pitani pa Reset this PC musankhe Remove everything. Ntchitoyi imatha kutenga maola angapo, ndiye muiyambe batire itadzaza, chaja chili cholumikiza, nthawi imene magetsi a kwanu sakonda kuzima.